Chulu cha Amake Ellen

Benchi ndiyo inayamba kugwa. Everson, mnyamata wamkulu pa onse ophunzira ukalipentala, anali atatsamirapo akupala thabwa, mwendo umodzi n'kungoti fwafwa ngati phesi la chimanga, iye chagada pansi pulani ili m'manja. Atsikana amene ankasoka pakhonde anaseka mpaka aphunzitsi awo, a Leah, anachita kuwaloza ndi sizasi. Ellen sanaseke mokweza. Anabisa pakamwa ndi nsalu imene ankapendera, mapewa okha ndiwo ankagwedera.

Amene sanaseke konse ndi a Peterson, aphunzitsi a anyamata. Anatola mwendo wa benchi uja n'kuufinya, munatuluka dothi lofiira ndi tizilombo toyera. Kenaka anatenga chizulo n'kuyamba kuyendera nsanamira imodziimodzi, akubaya. Paliponse chizulo chinkangolowa ngati akubaya papaya.

"Chiswe," anatero. "Shedi yonseyi yaima ndi khungu lokha. Tulukani pang'onopang'ono, wina asatsamire kanthu."

Sukuluyi inali ya mishoni, yaing'ono, pakati pa minda ya tiyi kufupi ndi kwa Nchilamwela. M'mawa ana ankaphunzira kuwerenga ndi masamu m'tchalitchi. Masana anyamata ankalowa m'shedi kukaphunzira za matabwa ndi njerwa, atsikana n'kukhala pakhonde pake ndi singano zawo. Khondelo silinali malo abwino ayi. Chiperoni chikabwera ndi nkhungu yake nsalu zinkanyowa, mphepo ikaomba utuchi unkalowa m'maso. Komabe Ellen ankapakonda. Pamenepo munthu umatha masana onse utaweramira msoko wako osayankhula ndi aliyense, ndipo palibe wokufunsa kuti wakwiya chiyani. Chaka chimenecho anali atayamba kudula yekha kolala ya malaya, ndipo a Leah anali atamuuza chapansipansi kuti ali ndi dzanja.

Mzungu wa pamishoni anabwera, anabayako naye nsanamira imodzi ndi ndodo yake, n'kunena kuti shedi imangidwenso chilimwe chomwecho. Makoma akhale a njerwa, atsikana apatsidwe chipinda chawochawo cha zenera. Malata apeza yekha, koma njerwa aumbe ophunzira.

Vuto linali dothi. Pasukulupo panali pa miyala ndi mchenga, njerwa yake imasweka usanainyamule. Dothi labwino linali kuseri kwa mpanda, pa chulu chachikulu chimene chinali m'mphepete mwa njira yopita ku mabulugama.

"Ndipo chiswechi chikuchokera komweko," a Peterson anauza ophunzira onse atakhala pabwalo. "Tikachikumba tipeza zinthu ziwiri. Dothi la njerwa, ndi manthu, mayi wamkulu uja woikira mazira pansi pa chulu. Iyeyo akafa chulu chafa, matabwa athu apuma."

Mitu yonse inatembenukira kwa Ellen.

Pajatu kuno chulu sichikhala chopanda mwini. Mtengo wa m'tchire aliyense akhoza kutolapo nkhuni, koma chulu chotulutsa ngumbi chimadziwika kuti ndi cha uje, ndipo mwana wogwidwa akutola pa chulu cha eni amakwapulidwa ndi makolo ake omwe. Chimenechi chinali cha a Marita, amake Ellen. Iwo anabwera wapansi kuchokera kwa Apwitikizi, kutsidya kwa malire, Ellen ali kumsana. Malo a nyumba yawo anali a esiteti, kamunda ka chinangwa ndi kalongonda kanali ka esiteti, ndipo bambo ake Ellen atamwalira a Marita ndiwo ankagwira thangata kuti asathamangitsidwe. Chinthu chimodzi chokha ndicho ankachitchula kuti changa. Mayi wina wokalamba amene a Marita anamudwazika mpaka kumuika m'manda ndiye anawasiyira chulucho, anthu akumva. Mvula ikayamba ankachiphimba ndi timitengo, udzu ndi masamba a nthochi, n'kukwirira mphika pakamwa pake. Ngumbi zikagwera mumphikamo ankazikazinga, kuziyanika, n'kupita nazo ku Boma kukagulitsa. Mchere wa chaka chonse unkachokera pamenepo. Kaliko, nsalu imene Ellen ankaphunzirira kusoka, ankachokeranso pomwepo.

A Peterson zonsezi ankazidziwa, sanali mlendo. N'chifukwa chake sanalamule makasu tsiku lomwelo.

"Ellen, ukawauze amayi ako kuti aphunzitsi akupempha chulu. Sitingowalanda ayi. Anyamata awapangira chitseko cha matabwa ndi mpando. Wamva?"

Ellen anagwedeza mutu movomera.

Madzulo amenewo sananene. Anapita kumadzi, anasenda chinangwa, anatsuka mbale. Mawa lakenso chimodzimodzi. Pomaliza ananena uthengawo ali chozondoka, akupemerera moto, kuti nkhope isaoneke.

A Marita anali akuchotsa makoko a kalongonda. Sanasiye.

"Chitseko? Ndichidye chitsekocho?"

"Akuti ndi mpando."

"Ine ndimakhala pamphasa. Ukawauze kuti ndakana. Ukanene bwinobwino mwaulemu, koma ukanene kuti Marita wakana. Ngati ali ndi mawu ena abwere okha, miyendo ali nayo."

Ellen anayenda njira yonse ya kusukulu akuwabwereza mawuwo. Aphunzitsi, amayi akana. Aphunzitsi, pepani, amayi akuti sizitheka. Ankaganiza kuti awapeza okha m'shedi akunola machizulo. Koma anawapeza pabwalo, anyamata onse atawazungulira, zikombole zatsopano zoumbira njerwa zili mulu pambali, ndipo mzungu uja ataima chapatali akusuzumira m'mgolo wa laimu.

"Eya, wafika mwini nkhani," a Peterson anatero mosangalala. "Tiuze, amayi akuti bwanji?"

Ellen anagwada. Anatsegula pakamwa koma munalibe kanthu. Kuuza munthu wamkulu, mphunzitsi, pamaso pa ana ake onse ndi mzungu, kuti mayi wothyola tiyi wakukanirani? Makutu anatentha. Anayang'ana pansi n'kuyamba kukanda dothi ndi chala.

"Yankhula, mwana iwe. Akana?"

Ellen anangopitiriza kukanda dothi.

"Avomera amenewo, Aphunzitsi," anatero Everson. "Amake Ellen ndimawadziwa ine. Akanakhala kuti akana, bwenzi pano atafika kale okha, tikuwamvera ku mabulugama uko."

Anyamata anaseka. A Peterson anamuyang'ananso Ellen kanthawi, iye osadzutsa mutu. Basi anawomba m'manja.

"Tengani makasu."

Ellen anakhala pakhonde masana onsewo akumva makasu akulira kuseri kwa mpanda. Anasoka mkono wa malaya chakumbuyo, a Leah n'kumuuza kuti asomole. Anasomola, n'kusokanso chimodzimodzi. Atsikana atatumidwa kukatunga madzi opondera dothi anapita nawo, ndipo anaona ndi maso ake. Mbali yonse ya kumadzulo ya chulu inali itagumulidwa. Mkati munkaoneka timapanga ndi tizipinda, chiswe chili piringupiringu, agang'a, alonda ake a mitu yofiira, akuluma anyamata m'zala za kumapazi, iwo akudumpha n'kumatukwanizana. Anathira madzi ake padothi n'kubwerera.

A Marita anamva ali kumunda wa tiyi. Anabwera dzuwa litapendeka, dengu lidakali kumsana, chiguduli chodzitetezera ku mame chili m'chiuno. Sanakuwe monga ananenera Everson. Anadutsa pakati pa anyamata, anakwera pa chulu pamene panatsala, anatula dengu, n'kukhala pansi miyendo atatambasula.

"Kumbani," anatero. "Muyambire pano pali ine."

Makasu onse anagwa pansi. Wina anathamanga kukaitana a Peterson, ndipo iwo anafika mwamsanga.

"Mayi, kodi si paja munavomera?"

"Ndinavomera kwa yani?"

"Tinatuma mwana."

"Inenso ndinatuma mwana. Ali kuti?"

Ellen anali kuseri kwa a Leah. A Leah anamukankhira kutsogolo.

"Unawauza chiyani aphunzitsi?"

"Palibe," Ellen ananong'ona.

"Kweza mawu, si paja mumaimba m'tchalitchi?"

"Sindinanene kanthu, Amayi."

A Peterson anavula chipewa n'kudzikanda m'mutu. Anayang'ana Everson, Everson n'kuyang'ana khasu lake ngati waliona koyamba.

"Cholakwa n'changa, Mayi. Nkhani yotere sitituma mwana. Ndikanabwera ndekha."

"Mukanabwera. Ndikanakuphikirani ngumbi za chaka chatha, mukanadziwa chimene mukukumba. Manthu mwamupeza?"

"Sitinafike."

"Ndiye musafike."

"Sitifika. Koma Mayi, dothi tagumulali kulibwezera sitingathe. Ndiponso ziweto zanuzi zatidyera shedi yonse."

"Zinakuitanani kuti mudzamange pafupi? Zinayamba ndi izo kukhala pano. Dothilo tengani, laonongeka kale." Anatsika, n'kudzikuntha kumbuyo, n'kusenza dengu. Kenaka anatembenukira Ellen, ndipo ananena mawu awa pamaso pa onse, osakwiya, ngati akunena za nyengo. "Iwe, chulu chovulala chotere kaya chikhala kaya chifa. Tiona mvula ikagwa. Ngumbi zikatuluka, upitiriza singano zakozo. Zikapanda kutuluka, kaliko ndilibe pomutenga, mchere ndilibe poutenga. Ukalembetsa kwa kapitawo, tizikathyola tiyi tonse. Pakamwa ukakana kugwiritsa ntchito, manja agwira."

A Leah anayesa kulowererapo kuti mwanayu ali ndi dzanja. A Marita anayankha kuti tiyinso amafuna dzanja, n'kumapita.

Dothi limene linagumulidwa silikanakwana makoma. A Peterson anakhala masiku angapo akuzungulira muluwo, akuyeza ndi maso, pensulo ili kukhutu. Pomaliza anajambula pansi ndi msomali n'kuitana anyamata.

"Makoma a njerwa aiwaleni. Tiumba zochepa zomwezi, timange tizipilala tofika m'bondo. Nsanamira iliyonse iima pa chipilala chake, osakhudza dothi. Benchi iliyonse chimodzimodzi, ndi thandala la matabwa lomwe. Pamwamba pa chipilala tiika chipewa cha chitini cha palafini, m'mbali mwake mopindikira pansi. Chiswe chikafuna kukwera chiyenera kumanga kanjira kake ka dothi panja, poonekera. Tikakaona tikaphwanya. Makoma tikhoma makungwa a matabwa ochokera kocheka."

"Ndiye kuti tigona ndi mdani nyumba imodzi, Aphunzitsi?" anafunsa Everson.

"Iwe ugona ndi khasu ukapitiriza kuyankhira anthu osakutuma."

Ntchito inayenda chilimwe chonse. Anyamata ankaponda dothi atakwinya makabudula, kuponya m'zikombole, kukhuthula pabwalo losesedwa. Atsikana ankatunga madzi ndi kumweta udzu wofunditsa njerwa kuti zisang'aluke ndi dzuwa. Uvuni unali waung'ono moti anthu odutsa ankafunsa ngati akuotcha mbatata. Zitini anazipempha kusitolo ya a Lajabu pamphambano, ndipo pozidula Everson anadzicheka chala n'kuyenda sabata yonse atachiimika m'mwamba kuti aliyense aone. Shedi yakale anaigwetsa ndi chingwe. Sinavute, inangogwada yokha, fumbi lofiira koboo. Mitengo yake yonse anaitentha.

Ellen ankagwira ntchito zonsezi pamodzi ndi anzake, koma mtima unali kuseri kwa mpanda. Popita kumadzi ankapatukira ku chulu. Masiku oyamba anaona kuti chiswe chamata pabala paja ndi dothi lonyowa, mabowo onse atsekedwa, ndipo anasangalala. Koma pambuyo pake dothilo linauma, n'kuyamba kung'aluka, osaonekanso lina latsopano. Anayamba kusiyako madzi pang'ono mumtsuko n'kumathira pamenepo. Ankabweretsanso mapesi ndi udzu wouma n'kuunjika m'munsi, kuti ngati muli amoyo asavutike kufuna chakudya kutali. Mapesiwo ankangokhala momwe anawasiyira. Tsiku lina anagwada n'kuika khutu pa chulu. Everson anamupeza ali choncho.

"Akuti bwanji apongozi? Adzuka bwanji m'katimo?"

Ellen anadzuka, anasenza mtsuko, anachoka. Misozi inatuluka atafika kale kumtsinje.

Kunyumba nkhani ya chulu sinkatchulidwa. Koma madzulo ena Ellen anapeza amayi ake akuluka dengu latsopano la nsungwi, locheperapo kuposa lawo. Sanafunse kuti n'la yani. Litatha analipachika pakhoma, pamwamba penipeni pa mphasa imene iye ankagonapo.

Shedi yatsopano inatha mitambo itayamba kusonkhana ku Mulanje. Inali yooneka modabwitsa, nsanamira zonse zitavala zipewa zonyezimira kumapazi, koma inali yowala mkati ndipo malata ake sankadontha. Kumapeto kwake anadula chipinda cha atsikana, cha zenera lotsegula ndi kamtengo. Pansi panali pa dothi, ndipo atsikana anazira okha ndi dothi lakuda la kudambo mpaka kusalala ngati mbale. Ellen anasankha pangodya, kumbuyo kwa onse, pafupi ndi chipilala chomaliza. Kuwala kwa pazenera kunkagwera pamiyendo pake penipeni. Anali asanasokepo pamalo abwino chotero, ndipo zimenezi zinkangomuwawitsa mtima.

Mvula yoyamba inagwa. A Marita anaphimba chulu monga mwa chaka chilichonse, anakwirira mphika, anadikira. M'mudzi monse munanunkhira ngumbi zokazinga, ana akuyenda milomo ili noninoni. Mumphika wa a Marita munagwera chule mmodzi. Mvula yachiwiri inagwa, yamphamvu, ya tsiku lonse. Anakasuzumiranso. Munali madzi okhaokha.

"Chafa," anatero pobwera, akutsuka mphikawo. "Ndayankhula naye kapitawo. Lolemba uyamba. Mawa ukatsanzike kwa a Leah, ukabweze singano za eni."

Tsiku lotsanzikalo linali Lachisanu. Ellen anaganiza zonena m'mawa, kenaka anaganiza zonena poweruka. Masana kunagwa mvula yamkuntho, malata akulira moti a Leah anasiya kuphunzitsa n'kumangoloza ndi manja. Itakata, dzuwa linatuluka lachikasu, nthaka ikufuka nthunzi. Ellen anali akumaliza mpendero wa malaya amene ankadziwa kuti sadzawaona atavalidwa.

Anamva kanthu kakuyenda paphazi. Anakakutumula osayang'ana. Kanabweranso kena. Atasuntha mphasa anaona kuti pansi pozira paja, m'tsinde mwa chipilala, pabooka timabowo, m'mbali mwake muli dothi lofiira lonyowa, agang'a ataima mozungulira ngati asilikali a pachipata. Pabowo limodzi panatuluka mutu wakuda, kenaka mapiko aatali otuwa. Inayenda pang'ono, inanjenjemera, n'kuuluka kulunjika pazenera. Ina inatsatira. Kenaka zinayamba kutuluka ngati utsi.

"Ngumbi!" anakuwa Salome, amene ankakhala patsogolo pake.

Chipinda chonse chinadzuka. Atsikana anataya nsalu n'kuyamba kuwakha m'mwamba. Anyamata anamva, anasiya masowo, n'kukhamukira pakhomo akukankhana, Everson patsogolo atavula kale malaya kuti akhale thumba. Kumbuyo kwawo kunabwera a Peterson. Iwo sanayang'ane m'mwamba. Anayang'ana timabowo tija m'tsinde mwa chipilala chawo chatsopano, nkhope n'kusintha.

"Zalowa m'nyumba. Everson, siya zimenezo. Katenge phula ndi palafini, tithire pompano zisanafalikire."

Ellen sanaganize. Anangopezeka atagwada pamwamba pa timabowo tija, manja atatambasula, ngumbi zikumukwera m'mikono ndi m'khosi, agang'a akumuluma m'maondo.

"Ayi!"

Mawuwo anatuluka aakulu moti iye mwini anadzidzimuka.

"N'za amayi anga izi. Musathire. Ndipo inu nonse bwezani, si zanu. Aphunzitsi, tsiku lija amayi anakana. Ine ndinaopa kunena. Lero ndikunena. Akana."

"Sunawafunse n'komwe," anatero Everson, chitini cha phula chili m'manja.

"Ndikudziwa. Akana."

A Peterson anauza Everson kuti aike chitini pansi, athamange kumunda wa tiyi akaitane amake Ellen, ndipo akangonena kuti akuitanidwa, asakawonjezere zake. A Leah anatseka zenera ndi chitseko, anatenga beseni lochapira nsalu, anathiramo madzi n'kuliika pafupi ndi Ellen. Atsikana anayamba kusesera ngumbi m'menemo ndi manja. Salome anatulutsa zimene anabisa m'nsalu, mmodzimmodzi enanso anatulutsa zawo.

A Marita anafika ali wefuwefu, atanyowa mpaka m'chiuno. Anaima pakhomo. Anayang'ana beseni, anayang'ana mwana wawo ali chogwada maondo akutuluka timagazi. Anagwada naye, anatola ngumbi imodzi, anaithothola mapiko, anaiyang'anitsitsa, n'kuiponya m'kamwa.

"Zanga izi."

"Mukuzidziwa nkhope, Mayi?" anafunsa a Peterson.

"Inu thabwa la mbawa mumalidziwa nkhope? Zanga izi, zonona chonchi kulibe kwina kuno. Munazigumulira khomo, zatsegula lina."

"Zatsegula m'sukulu."

"Nanga zikanatsegula kuti? Mwaziikira denga labwino."

Anyamata anaseka, koma a Peterson sanaseke. Anagogoda nsanamira ndi chala.

"Mayi, tinene zoona. Shedi iyi tavutika nayo chilimwe chonse. Izi zikuulukazi sizidya thabwa, koma eni ake ali pansipa. Ndikazisiya, ndani andiuze tsiku limene ziyambe kukwera?"

"Zipewa zanuzo munaikira chiyani?"

"Chipewa sichiletsa, chimangoonetsa. Pafunika munthu woyendera chipilala chilichonse m'mawa uliwonse, ndi kamtengo, osadumpha tsiku. Akaona kanjira ka dothi aphwanye, ndipo abwere adzandiuze. Ndi pakamwa." Anayang'ana Ellen. "Osati kukanda pansi ndi chala."

"Inenso pafunika munthu wondiyang'anira mphika wanga," anatero a Marita. "Ndikwirira pangodya pomwepa. Ine ndimakhala kumunda, ndipo anyamata anuwa ndawaona maso awo."

"Mphika m'kalasi?" anafunsa a Leah.

"Nyengo ya mvula yokha. Ikatha ndidzazira ndekha, simudzadziwa n'komwe kuti panali dzenje."

A Leah anayang'ana a Peterson, a Peterson anayang'ana kudenga. Pomaliza a Peterson anati mzungu akafunsa adzamuuza okha, ndipo kanjira koyamba kadzangofika pa thabwa osaonedwa, phula lidzathiridwa tsiku lomwelo, wina asadzalire.

"Wamva?" a Marita anafunsa Ellen.

"Ndamva, Amayi."

"Kweza."

"Ndamva!"

"Ndiye thamanga kunyumba ukatenge mphika ndi khasu. Utengenso dengu lija lili pakhoma, beseni ili n'la eni."

Tsikulo dengu latsopano linabwerera kunyumba litafika pakati ndi ngumbi, atayala masamba a nthochi mkati. Sizinali zambiri ngati zaka zina. A Marita anapatulako mbale imodzi n'kutumiza kwa anyamata ogonera pasukulu, n'kunena kuti Everson apatsidwe pomalizira. Za kapitawo anati akamuuza okha kuti mwana wachedwa, mwina chaka chamawa, mwina ayi.

Lolemba Ellen anafika pasukulu belu lisanalire, mame adakali pa udzu. Anathyola kamtengo ka bulugama n'kuyamba ndi chipilala cha pakhomo, akuwerama kusuzumira pansi pa chipewa chilichonse. Zambiri zinali zoyera. Pa chipilala cha benchi ya Everson anapeza kanjira ka dothi lofiira, konyowa, katakwera kale mpaka m'mphepete mwa chitini. Anakaphwanya, anapala njerwa mpaka kuyera, anasesa.

A Peterson anali panja akunola chizulo, anyamata angapo atawazungulira. Ellen anaima kaye pakhomo, kamtengo kali m'manja. Makutu anayamba kutentha monga kale. Anapita, anagwada.

"Aphunzitsi, pa benchi yachiwiri chinakwera. Ndaphwanya."

"Chinafika pa thabwa?"

"Ayi."

"Chabwino. Mawanso."

Analowa m'chipinda cha atsikana, anasuzumira mumphika wa amayi ake, anabwezera chivundikiro, n'kukhala pambali pake. Anatulutsa malaya aja n'kupitiriza mpendero pamene anasiyira.